Mlandu suola: tikiti yapamsewu imakutsata mpaka kuti?

Loweruka lina m'nyengo yokolola ndidaimika galimoto m'mphepete mwa msewu wa M1, pamalo ena ochitira malonda m'boma la Dowa. Lidali tsiku la msika. Ndidangofuna kugula chidebe cha mtedza, zinthu za mphindi zisanu. Matayala awiri adali pa tala, awiri kufumbi, ndipo ndidadziuza kuti aliyense amaima chonchi. Pobwerera ndidapeza bambo wa yunifolomu ataima pafupi ndi chitseko, akuyang'ana nambala ya galimoto. Sadakweze mawu. Adandilozera thiraki ya fodya imene imalephera kudutsa bwino chifukwa cha ine, kenako adapempha laisensi.

Ndidalipira chindapusa, ndidalandira lisiti. Ndalama yake idaposa mtengo wa mtedza umene ndidaimira. Mnzanga amene ndidali naye adaseka njira yonse. "Iwe aise, ndiwe wogona. Ukadangowapatsa ya fanta, nkhani ikadathera pomwepo. Pano dzina lako lalowa m'kompyuta."

Mawu omalizawo ndi amene adandikhala. Dzina lako lalowa m'kompyuta. Achinyamata ambiri amene ndimacheza nawo, oyendetsa Sienta pakati pa Dowa Turn-off, Dzaleka ndi Dowa boma, akabaza a ku Mponela, anyamata onyamula soya kuchokera ku Malomo, onse amaopa chinthu chomwechi, koma ukawafunsa kuti kulowa m'kompyutako kumatanthauza chiyani, aliyense amayankha zake. Ena amati ukalipira zafufutika. Ena amati zimakhala moyo wako wonse. Ena amati ukangofika matikiti angapo akulanda laisensi. Mantha amenewa ali ndi amene amapindula nawo, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuiunika bwino.

Choyamba tisiyanitse zinthu zitatu zimene timaziphatikiza m'mawu amodzi akuti "andigwira". Pali ndalama yoimikira galimoto imene makhonsolo a m'mizinda, monga Lilongwe ndi Blantyre, amatolera. Iyi si chilango, ndi lendi ya malo, ngati chiphaso cha mumsika. Chilango chimabwera ukapanda kulipira, pamene umapeza tayala lamangidwa ndi chitsulo. Pali chindapusa chimene amalemba apolisi apamsewu kapena akuluakulu a nthambi ya Road Traffic, potsatira lamulo la zapamsewu la 1997, ukaima posayenera, ukathamanga mopyola muyeso, ukadzaza anthu mopitirira, kapena ukayenda wopanda inshulansi. Ndiye pali mlandu wa kukhoti, umene umabwera pa zazikulu, monga kuyendetsa utaledzera kapena kupha munthu pangozi. Kumeneko majisitireti ali ndi mphamvu yokuletsa kuyendetsa. Zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo sizisiya chizindikiro chofanana pa dzina lako.

Kompyuta imene mnzanga ankanena ilipodi. Dzina lake ndi MalTIS, ndondomeko imene nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imasungiramo zonse zokhudza magalimoto ndi oyendetsa. Chiyambire 2015, pamene idakonzedwa mwatsopano, munthu sungalembetse galimoto kapena kutenga laisensi usadadinde zala ndi kutenga khadi lako la Traffic Register. Kuyambira pamenepo nambala ya galimoto, mwini wake ndi laisensi zidamangidwa pamodzi. Chindapusa chikalowa m'menemo osalipidwa, chimakhala phee ngati ngongole, kudikirira tsiku limene udzapite kukakonzetsa COF kapena kusintha umwini wa galimoto. Akuluakulu adati mlandu suola. Kale unali mwambi wa pabwalo la mfumu, lero ndi mmene makina amagwirira ntchito.

Apa pali msampha umene achinyamata ogula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito amagwamo kawirikawiri. Mlandu wa kuima posayenera nthawi zambiri umagwira galimoto, osati munthu, chifukwa woona cholakwacho amaona nambala, dalaivala atapita kukagula tomato. Ndiye taganizani: mwagula Vitz kwa munthu wa pa Facebook, mwapatsana ndalama ndi blue book pansi pa mtengo, osasintha umwini chifukwa "ndi zodula, tidzapanga bwino lake". M'mabuku a boma galimotoyo ikadali ya uja adakugulitsani. Ngongole zake zakale zakwera nanu, ndipo zolakwa zanu zatsopano zikulembedwa pa dzina lake. Tsiku lokonzetsa mapepala mudzayamba kusakana pa WhatsApp, wina ali ku Ntchisi, wina adapita kale ku Joni. Ine ndimati musadafunse kuti injini ili bwanji, funsani kuti mapepala ali bwanji.

Tsono funso lenileni nali: ukalipira, chimatsala n'chiyani? Pano m'pofunika kuona mmene anzathu ena adachitira, chifukwa adasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timazisokoneza, ngongole ndi mbiri.

Ku Britain, tikiti ya kuimika galimoto molakwika nthawi zambiri ndi nkhani ya ndalama basi. Ukalipira yatha, siikhudza laisensi. Koma ukathamanga mopyola muyeso kapena ukagwira foni uku ukuyendetsa, kuwonjezera pa chindapusa amakulembera mapointi. Akafika 12 m'zaka zitatu, khoti limakuletsa kuyendetsa. Kwa amene wangotenga kumene laisensi, mapointi 6 okha m'zaka ziwiri zoyambirira ndi okwanira kuti abwerere kukayambiranso mayeso. Ndalama imatseka ngongole, koma siigula mbiri. Wolemera ndi wosauka, akathamanga kanayi, onse amatsika pa chiwongolero.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akuyendetsa magalimoto a ganyu ndi njinga zoperekera zakudya m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town, lamulo lotere lidakhazikitsidwa kalekale mu 1998. Amalitcha AARTO. Malire ake ndi mapointi 15, ndipo pointi iliyonse yopitirira pamenepo imakutsitsa pa chiwongolero miyezi itatu. Koma taonani mmene lavutira. Lidayesedwa koyamba ku Johannesburg ndi Tshwane, lidatsutsidwa m'makhoti, mpaka mu July 2023 pamene khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula kuti ndi lovomerezeka, ndipo gawo la mapointi lakhala likuimikidwa kambirimbiri. Dziko lachuma kuposa lathu, la makamera ndi maadiresi, latenga zaka zoposa 25 likulimbana nacho chinthuchi. Choncho amene akuganiza kuti n'kungogula makina ndi kudula riboni aganizenso.

Kuno kwathu, chimene dalaivala wamba amachiona tsiku ndi tsiku ndi mbali ya ngongole yokha. Walakwa, walipira, wapita. Mawa walakwanso pamalo omwewo, walipiranso chimodzimodzi. Kwa wa minibasi kapena wa Sienta, chindapusa chasanduka gawo la bajeti ya tsiku, pamodzi ndi mafuta, ya oitanira ndi ya bwana mwini galimoto. Amachita masamu: ndikaika anthu awiri owonjezera ulendo uliwonse, ngakhale andigwire kamodzi, ndatsalabe ndi phindu. Chilango chimene munthu angathe kuchiika m'bajeti chasiya kukhala chilango, changokhala msonkho wa kuphwanya lamulo.

Ndipo apa ndi pamene nzeru ya mnzanga uja, ya fanta, imaonongera zonse. Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wakhala akusonyeza kuti apolisi ali m'gulu la nthambi zimene Amalawi ambiri amazikayikira pa nkhani ya ziphuphu. Koma chiphuphu sichidyedwa ndi munthu mmodzi. Pali wolandira, pali wopereka, ndipo nthawi zambiri woyamba kunena kuti "bwana, tikambirane" ndi ife. Timaona ngati tapulumutsa ndalama. Zoona zake n'zakuti tafufuta umboni. Dalaivala amene wagwidwa kakhumi akuthamanga, kakhumi konse n'kukambirana, m'mabuku a boma ndi woyera ngati mwana wobadwa dzulo. Amene adaima molakwika kamodzi n'kulandira lisiti ndiye ali ndi dzina m'kompyuta. Mbiri yaima chadodolido: wosamala akuoneka wakuda, woopsa akuoneka woyera. Ndiye mwini basi akamafuna dalaivala, kapena sukulu ikamafuna woti azinyamula ana, adzayang'ana pati? Tsiku lina mudzakwera galimoto ya munthu woyera m'mabukuyo, pa mtsetse wa ku Mvera, mabuleki akununkha.

Bungwe la World Health Organization lidati mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo Africa ndiye ili pamwamba tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Lidatinso ngozizi ndi zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Imeneyo ndi misinkhu ya ambiri amene mukuwerenga izi pafoni.

Wina anena kuti, chabwino, kuthamanga n'koopsa, koma kuimika galimoto kudaphapo ndani? Funso limenelo angafunse ndi munthu wa m'tauni, kumene kuima molakwika kumangotanthauza kutsekereza geti ya banki. Amene adayendapo usiku m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa zina. Msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, ukamadutsa ku Chezi ndi Mvera, ndi makona ndi mitsetse yokhayokha. Njira zokwera ku Ntchisi nazo n'chimodzimodzi, ndipo m'miyezi ya June ndi July chifunga chimagwa moti suona patali. M'nyengo ya msika wa fodya mathiraki odzaza mabelo opita ku Kanengo amafera pa chitunda. Dalaivala alibe ma triangle, ndiye amathyola nthambi za mtengo n'kuziyala pamsewu, nyali zonse zozima. Wa njinga yamoto amene wabereka anthu awiri akamatuluka pa kona, nthambizo amaziona ataziponda kale. Sienta imene yaima pakati pa kona kuti itsitse mayi ndi thumba la chimanga imakakamiza wobwera kumbuyo kulowa mbali ya eni ake osaona kutsogolo. Kumapiri, poima pako pangakhale pofera wina.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene anganene kuti kuimika molakwika konse ndi nkhani ya ndalama chabe. Kupitirira ola limodzi pamalo olipira mu Old Town ku Lilongwe ndi ngongole, lipira uzipita. Kusiya thiraki pa kona usiku popanda chizindikiro ndi khalidwe loopsa, ndipo liyenera kulembedwa pa dzina la dalaivala ndi la mwini thiraki, n'kukhalapo ngakhale atalipira.

Komanso chilungamo chili ndi mbali ziwiri. Tsiku lija pa msika ndidalakwadi, koma nditayang'ana uku ndi uku ndidadzifunsa kuti ndikadaima pati. Misika yathu yambiri idamera pamsewu penipeni. Pitani pa Mponela kapena pa Madisi tsiku lotanganidwa: ogulitsa ali m'mphepete, akabaza ali pamzere, minibasi zikukweza, ngolo zikudutsa. Makhonsolo amatolera ndalama za ziphaso m'misika tsiku lililonse, koma malo oimikapo magalimoto ndi masiteji olembedwa bwino ndi ochepa. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera ku Kasungu ndi kumpoto, imene idayamba mu 2022 ndi ndalama za European Investment Bank ndi European Union, idadutsa pakati pa boma la Dowa. Msewu wosalala umabweretsa liwiro. Ngati khonsolo siikonza kuti msika ndi siteji zichoke pa tala, tidzakhala ndi magalimoto othamanga kwambiri akudutsa pakati pa anthu omwe aja. Kulipiritsa munthu chifukwa choima polakwika pamene poyenera palibe n'kukolola pamene sudalime.

Palinso nkhani ya mtunda. Munthu wa ku Ntchisi amene akufuna kufunsa za ngongole ya galimoto yake, kutsutsa tikiti imene akuona kuti idalembedwa molakwika, kapena kusintha umwini, ulendo wake ndi wa ku Lilongwe. Ndi thiransipoti, chakudya, tsiku lonse la bizinesi lotayika, mwinanso kukapeza kuti netiweki palibe, abwere mawa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zidakwera mtengo. Njira yolondola ikakhala yodula ndi yaitali chonchi, njira yachidule imadzigulitsa yokha, ndipo madobadoba amadya bwino. Sikuti anthu a nambala za DA ndi NS ndi osamvera malamulo kuposa ena. Kungoti lamulo lili kutali, pamene wa yunifolomu ali pafupi.

Ndipo tisaiwale gulu lalikulu limene lili kunja kwa kompyuta yonseyi: akabaza a njinga zamoto. Ambiri alibe laisensi, njinga zambiri zilibe nambala. Munthu amene sali m'kaundula sangakhale ndi mbiri, yabwino kapena yoipa. Sungamuchotsere mapointi pa laisensi imene alibe. Chotsala ndi kumulanda njinga, kukambirana, n'kumubwezera. Komatu m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi ndi iwowa amene akunyamula amayi oyembekezera kupita kuchipatala ndi ana kupita kusukulu. Ndondomeko iliyonse ya mbiri ya oyendetsa imene siyambira pa kuwalowetsa anyamata amenewa m'kaundula, pa mtengo umene angakwanitse ndi pamalo amene angafike, ndi ya anthu a m'tauni okha.

Ndikudziwa mantha amene ena ali nawo, ndipo ndi omveka. Amati mukabweretsa mapointi m'dziko la ziphuphu, mwangokweza mtengo wa fanta. Dalaivala amene watsala ndi pointi imodzi kuti ataye ntchito adzapereka chilichonse pa rodibuloko. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mapointi si poyambira. Poyambira ndi kuchotsa ndalama m'manja. Dziko limene agogo akumudzi akulandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, limene timagula magetsi a ESCOM pafoni pakati pa usiku, silingalephere kuchita zoti chindapusa chilichonse, cha wapolisi aliyense pamsewu uliwonse, chizibwera ndi uthenga pafoni: cholakwa chako ndi ichi, malo ndi awa, ndalama ndi izi, lipira pofika tsiku lakuti, ukakana pita ukadandaule apa. Munthu azitha kuona ngongole ya galimoto asadaigule, pongotumiza nambala yake. Wapolisi alembe, asagwire ndalama. Zikatero mbiri idzayamba kunena zoona, ndipo ikayamba kunena zoona ndi pamene tingakambe zoimangirira ku laisensi, ngakhalenso ku mtengo wa inshulansi, kuti woyendetsa bwino zaka zisanu azilipira zochepa kusiyana ndi wogundagunda. Mbiri isamangokhala chikwapu. Izikhalanso chuma chimene mnyamata wa ku Nambuma angaonetse pofunsira ntchito ya udalaivala ku kampani kapena ku bungwe.

Podikira zimenezo, pali zimene zili m'manja mwathu. Mukagwidwa, funsani mwaulemu kuti cholakwa chanu n'chiyani, ndipo chilembedwe. Mukalipira, tengani lisiti la boma, muone kuti nambala ya galimoto ndi ndalama zalembedwa molondola, kenako lijambuleni pafoni nthawi yomweyo, chifukwa pepala limafufutika m'thumba koma chithunzi chimakhala. Tsiku limene kompyuta idzanene kuti simudalipire, mboni yanu ndi imeneyo. Dziwaninso kuti kulipira kumatengedwa ngati kuvomera. Ngati mukukhulupirira kuti simudalakwe, muli ndi ufulu woti nkhani yanu imvedwe kukhoti, ngakhale njirayo imafuna nthawi ndi kuleza mtima. Wina akakukakamizani chiphuphu, kuli Anti-Corruption Bureau, kulinso Independent Complaints Commission imene imamva madandaulo okhudza apolisi. Koma kumbukirani kuti lamulo lothana ndi katangale limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Mukagula kapena kugulitsa galimoto, sinthani umwini msanga. Ndipo ma triangle awiri ndi otchipa kuposa bokosi la maliro.

Mnzanga uja mpaka lero amati ndidaluza. Pa masamu a tsiku limenelo akunena zoona: iye akadatsala ndi chenji chogulira chidebe china cha mtedza. Koma iyeyo ndi yemwenso amadandaula akakwera minibasi yothamanga kuti, "Kodi anthu ngati awa amawasiyiranji pamsewu?" Amawasiya chifukwa palibe pamene padalembedwa kuti ndi otero. Aliyense amene adawagwira adamwa fanta, ndipo aliyense wa ife amene adagulako fantayo adathandiza kufufuta.

Lisiti langa lija lili m'foni. Ndikadutsa pa msika uja masiku ano ndimapitirira kaye mpaka pamene pali malo, n'kubwerera wapansi. Ndi mtunda wa mphindi zitatu.